Kachiwala ndi Singano ya mu Wodi ya Abambo

Mlongo wa amuna anga tonse timamutchula kuti Kachiwala. Dzinali anamupatsa ndi achimwene akewo ali wamng'ono, chifukwa cha timiyendo take towonda ndiponso chifukwa sankayenda ngati anzake, ankangodumphadumpha. Anabwera kudzakhala nafe mayi ake atamwalira, iye ali kusekondale, ine ndisanabereke n'komwe. Nyumba yathu ili ndi zipinda ziwiri zogona, pabalaza ndi khonde. Pakhondepo ndi pamene pamakhala makina anga osokera, ndipo amuna anga, amene ndi makaniko, amaunjikaponso zitsulo zawo ngakhale ndimawaletsa chaka ndi chaka. Kachiwala tinamupatsa chipinda chaching'ono chimene zenera lake limayang'anizana ndi khoma la aneba.

Sindinaonepo munthu wamantha ngati iyeyu. Galu akauwa kuseri kwa mpanda, iye ankawoloka msewu. Mphemvu ikatuluka m'kabati ankakwera pampando n'kumaitana ine, chonsecho ine ndili ndi mapini kukamwa. Mvula ya mabingu ikayamba ankabwera kudzakhala pafupi ndi makina anga, n'kumanamizira kuti akufuna kuphunzira kusoka. Koma m'kalasi munalibe womuposa, ndipo chiyambire ankanena kuti adzakhala dokotala. Achimwene ake ankamuseka kuti wodwala akadzangotsokomola mwamphamvu, adokotala adzatulukira pawindo. Iye sankakwiya. Tsiku lina tikuchapa anandiuza kuti pamene mayi ake ankadwala, anthu ovala zoyera ankalowa ndi kutuluka n'kumalankhulana okhaokha, iye ataima pakona osamva kanthu. Chimene chinkamuopsa kwambiri chinali kusadziwa zimene zinkachitika m'thupi mwa mayi akewo. Ankaganiza kuti munthu akadziwa, mantha amachepa.

Mayeso omaliza anakhoza bwino moti aphunzitsi ake anabwera kunyumba kudzamugwira chanza. Anafunsira malo kusukulu ya udokotala, ndipo anamuitana kukayankha mafunso apakamwa. Ndinamusokera siketi yabuluu ndi bulauzi yoyera, n'kumubwereka nsapato zanga zoyendera kumaukwati. Anabwerako nsapatozo zili m'manja, n'kukhala pansi pakhonde osalowa m'nyumba. Anati mafunso a m'mabuku anayankha onse. Kenako mayi wina wachikulire pagulu la ofunsawo anamufunsa ngati anakhalapo pafupi ndi wodwala amene si m'bale wake, kumudyetsa, kumusambitsa, kapena kungomumvetsera akudandaula. Iye anati ayi. Mayiwo anamuuza mosabisa mawu kuti ana okhoza ngati iye ndi ambiri kuposa mipando, choncho iwo amafuna kuona amene analawako ntchitoyo n'kubwererakonso mawa lake. Mayina a otengedwa atatuluka, lake panalibe.

Mwayi wofunsiranso chaka chotsatira unalipo. Podikira, anapeza ntchito ya m'mawa pakasitolo kena kogulitsa zolembera ndi kukopera anthu mapepala pamakina. Masana anali ake, ndipo nkhani inakula m'nyumba mwathu inali yoti masanawo awagwiritse ntchito yanji kuti ofunsa aja adzamuone mosiyana. Amuna anga anali ndi kasitomala wawo, mwini labotale yoyeza magazi, amene anavomera kuti Kachiwala azikatsuka mabotolo ndi kumata mayina pa timabotolo, n'kulonjeza kuti adzamulembera kalata yabwino yomuchitira umboni. Kwa amuna anga nkhani inathera pomwepo. Ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno: malo aukhondo, oyenda wapansi kuchokera kunyumba, bwana wake wodziwika. Mnzake wina wa kusukulu ankamukokera kugulu la achinyamata limene linkayenda m'masukulu kuphunzitsa ana kusamba m'manja, atavala malaya ofanana, zithunzi zili mbwee pafoni. Ndiye panalinso chipatala chachikulu, chimene chinkalandira anthu odzipereka kuthandiza mu wodi ya abambo: kudyetsa osatha kudya okha, kuwatembenuza, kusintha nsalu za pabedi, kukankha chikuku, kutaya za m'mabeseni.

Kachiwala anavutika nako kusankhako mpaka chakudya sichinkamulowa. Ankafunsa aliyense, ngakhale makasitomala anga obwera kudzayesa madiresi. Wophunzira udokotala wina amene ankakopetsa manotsi pasitolo paja anamuuza kuti ofunsa sawerenga kuchuluka kwa malo amene munthu wapondako, amafunsa zimene unaona kumeneko, ndipo wonama amamudziwa msanga. Anamulangiza kusankha chinthu chimodzi n'kukhalitsapo. Mawa lake m'mawa tikumwa tiyi, Kachiwala ananena maganizo ake maso ali m'kapu.

"Achimwene, ku labotale n'kwabwino, koma mabotolo sindiwaopa. Ndimaopa anthu odwala. Ngati ndili woti ndidzathawa, kuli bwino ndithawe panopa, kusiyana n'kudzathawa nditakudyerani fizi ya zaka zambiri."

Amuna anga anapukusa mutu, n'kunena kuti walira mvula walira matope. Anatenga chikwama chawo cha zipangizo n'kumapita kugalaja.

Masabata oyamba anali owawa. Tsiku loyamba anasanza kuseri kwa wodi ataona chilonda chikutsukidwa. Akafika kunyumba ankalowera kubafa osapereka moni, zovala n'kuzinyika m'ndowa yakeyake, ndipo ankasamba m'manja mpaka khungu linayamba kusupuka. Ndinkayembekeza kuti asiya, koma masana alionse ankatsuka nkhope, kumanga tsitsi, n'kukakwera basi. Tsiku lina ndinapitako kukamusiyira makiyi a nyumba. Wodiyo inali chipinda chachitali cha mabedi kuno ndi uko, ena atagona pamatiresi pansi, fungo la mankhwala otsukira litasakanikirana ndi la thukuta. Ndinamuona kumapeto kwenikweni atavala epuloni ya pulasitiki ndi magolovesi, akumwetsa madzi mkulu wina ndi supuni. Ankachita pang'onopang'ono, koma madziwo ankafika pakamwa.

Tsiku limenelo ndi limene ndinaona koyamba wodwala wina amene tinkangomutchula kuti ometa. Anali bambo wa zaka zapakati, mwini kamalo kometera tsitsi, amene njinga yamoto inamugunda n'kumuphwanya mwendo, chilonda n'kukana kupola. Pakamwa pokha panali pamoyo. Aliyense wodutsa ankamuyang'ana m'mutu n'kunena kuti amene anamumeta ndi wofunika kumangidwa, ngakhale madokotala sankawasiya. Ometawo ankamutchula Kachiwala kuti adokotala a mawa. Akazi awo ankabwera mwa apo ndi apo chifukwa ndi amene ankayang'anira malo ometera aja, choncho zambiri ankawachitira ndi Kachiwala. Nkhani za ometa zinayamba kufika patebulo lathu, ndipo ngakhale amuna anga ankaseka.

Patapita miyezi ingapo, masana ena, basi inagubuduzika kunja kwa tauni ndipo ovulala anawabweretsa ambiri nthawi imodzi. Anesi onse ankathamangira uku ndi uku. Nesi wina anali atangomaliza kutenga magazi pamkono wa ometa pamene anamuitana mokuwa kukhomo, ndipo m'chipwirikiti chimenecho singano inagwera m'nsalu za pabedi. Kachiwala sanaone. Anabwera kudzasintha nsaluzo monga mwa masiku onse, n'kuzikwinya ndi manja awiri. Singano inaboola golovesi n'kumulowa m'munsi mwa chala chachikulu.

Anandiuza pambuyo pake kuti sanakuwe. Anangoima kakasi, akuyang'ana kadontho ka magazi kakukula mkati mwa golovesi. Asisitala, nesi wamkulu woyang'anira wodiyo, ndi amene anamuona. Anamugwira pamkono n'kupita naye pampopi, kumuvula golovesi, kumusambitsa ndi sopo madzi akuthira, akumuuza kuti asafinye. Kuchoka apo anamuperekeza kwa dokotala. Anamuyeza magazi, anamubaya katemera wa matenda a chiwindi, n'kumupatsa mapiritsi oteteza ku kachilombo ka HIV oti ayambe tsiku lomwelo n'kumwa osadumphitsa kwa pafupifupi mwezi. Anamuuza kuti adzayezedwenso pakapita masabata, kenako pakapita miyezi, ndipo pokhapo ndi pamene adzanene motsimikiza. Phungu wa pachipatalapo anapita kwa ometa kukawapempha kuti ayezetse, kuti zidziwike ngati panali choopa. Ometa anakana, n'kutembenukira kukhoma.

Anafika kunyumba ine ndikusoka mayunifolomu a ana asukulu. Anaima pafupi ndi makina n'kundionetsa chala chomata pulasitala, akunena kuti wabayidwa ndi singano. Ndinaseka n'kumuuza kuti ine singano imandibaya tsiku ndi tsiku ndipo sindinagonekedwepo. Nditakweza maso n'kuona nkhope yake, phazi langa linaima lokha pachopondera. Milomo yake inali itauma mbee. Anafotokoza zonse motsitsa mawu, akuyang'anayang'ana kumsewu, n'kumaliza ndi kundichonderera kuti achimwene ake asamve, chifukwa akamva amuletsa kupitanso ndipo chaka chonsecho chipita pachabe. Phungu anali atamuuza kuti mwa anthu ambirimbiri obayidwa chonchi amene amatenga kachilombo ndi ochepa kwambiri, makamaka akayamba mankhwala msanga, ndiponso kuti ngakhale zitavuta, masiku ano anthu akukhala nako n'kukalamba bwinobwino. Zonsezi ankazidziwa, anali ataziwerenga kale m'mabuku. Koma mantha samva masamu.

Botolo la mapiritsi tinalibisa m'chitini changa cha mabatani, pansi pa tebulo la makina, chifukwa m'chipinda chake amuna anga ankalowamo kukatenga simbi. M'mawa uliwonse iwo akangotuluka, Kachiwala ankabwera kudzatenga piritsi lake. Mankhwalawo sanamuyanje. Ankachita nseru, mutu unkazungulira, ndipo munthu amene anali wowonda kale anatsala mafupa okhaokha. Aneba anayamba kunong'onezana kuti mwana wa sukulu uja wadzimbidwa ndi china chake, ndipo mayi wina anachita kubwera ndi diresi losang'ambika kuti ndilisoke, maso ali pamimba pa mlamu wanga. Iye zimenezo analibe nazo ntchito. Maganizo ake anali pathupi lake. Akatsokomola kamodzi ankathamangira pagalasi kukayang'ana lilime. Ankadzipapasa m'khosi kufufuza zotupa, n'kundiitana kuti ndimugwire pachipumi ngati watentha. Mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda, ankamutambasulira manja kuti amunyamule, koma iye ankabwerera m'mbuyo, ngakhale ankadziwa bwino kuti kachilomboko sikafala choncho. Mwanayo ankalira, ndipo iye ankakadzitsekera m'chipinda. Inenso mtima unali m'mwamba. Ndinasoka mkono wa malaya chagadagada kawiri konse, kasitomala mpaka kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Ku wodi anasiya kupitako. Masana ankavala ndi kutuluka ngati akupita, koma ankakatsalira pasitolo paja, kukhala kumbuyo pa makatoni a mapepala mpaka nthawi yoweruka. Anati akangoganiza za nsalu za pabedi, zala zinkachita dzanzi. Tsiku limene anapita kukaonana ndi dokotala za nseru ija, anakumana ndi asisitala pakhonde la chipatala. Asisitalawo sanamudzudzule. Anamuuza kuti kulakwa kunali kwa wodi, osati kwake, kuti akafuna kusiya palibe amene angamunene, ndipo umboni wa miyezi imene anagwira adzamulembera. Anangowonjezera kuti ometa akhala akufunsa za iye, ndipo masiku amenewo sakunyozanso tsitsi la munthu aliyense.

Kachiwala analowa mu wodi kukawaona. Anali atakonza mawu ambiri m'mutu, ena owachonderera, ena owakalipira. Anawapeza atakhala tsonga, kapu ya tiyi ili m'manja, ndevu zitamera mosasamalika.

"Mwabwera, adokotala a mawa?" anatero ometa.

Kachiwala anayamba kukonza zinthu pakabati kakang'ono ka pambali pa bedi.

"Mwana wanga, usandione ngati munthu wouma mtima. Akuti ndikayezetsa, iweyo mtima ukhala pansi. Ndikudziwa. Koma wangawu ukhala pati? Chinthu chimenechi ndakhala ndikuchizemba zaka zambiri. Mwendowu ndikuuona ndi maso, ndikhoza kuupirira. Chinacho ndikuopa."

Anandiuza kuti supuni inkalira m'kapu chifukwa cha kunjenjemera kwa manja awo, ndipo mawu onse amene anakonza aja anamuthawa.

"Inenso ndikuopa, bambo," anatero. "Imwani tiyi wanu asanazizire."

Anawagwirira kapu mpaka anamaliza. Kenako anavala magolovesi, n'kuwasintha nsalu za pabedi, akuzitambasula pang'onopang'ono kuchokera kukona, osazikwinya. Mawa lake anapitanso.

Chinsinsi chathu chinaululika Lamlungu lina masana. Batani la ovolosi ya amuna anga linathothoka, ndipo m'malo mondiuza, anaganiza zodzisokera okha. Ine ndinali kukhitchini. Ndinamva chitini chikutsegulidwa, mabatani akusokosera, kenako zii. Patapita kanthawi anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo chikwatirane.

"Amake mwana, tabwerani kuno."

Ndinawapeza atakhala pampando wanga wosokera, botolo lili m'manja. Mnzawo wina wa kugalaja amamwa mankhwala otere, choncho ankawadziwa. Ndinkaganiza kuti akalipa, koma nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa.

"Mwayamba liti? Nanga ineyo simukanandiuza? Nanga mwanayu?"

Ndinali nditalonjeza, koma munthu anali patsogolo pangayo ankaona banja lake lonse likugwa. Ndisanapeze choyankha, chitseko cha chipinda chaching'ono chinatseguka.

"Achimwene, alamu asiyeni. Mankhwalawo ndi anga."

Anafotokoza ataima pakhomo pomwepo, kuyambira pa basi ija mpaka pa kukana kwa ometa. Amuna anga anamvetsera osamudula mawu. Atamaliza, ndi pamene mkwiyo unabwera. Anakalipira chipatala, anakalipira nesi amene sankamudziwa n'komwe, anandikalipira ine pobisa, n'kudzitukwana okha polola. Ankafuna kupita nthawi yomweyo kukaona mkulu wa chipatala, ndiponso kukafunsa ometawo kuti ndi munthu wamtundu wanji. Ine ndinaima pachitseko cha mpanda. Atatopa anakhala pansi n'kulankhula motsitsa.

"Mayi anandisiyira iwe uli wathunthu. Ndiye ndizinena chiyani ine? Kuti ndinakupereka kuchipatala kuti ukapeze kalata? Kumeneko usapondekonso."

"Achimwene, ndikasiya lero sindiye kuti singanoyo sinandibaye," anayankha Kachiwala. "Yandibaya kale. Mantha ndikhala nawo ndithu, kaya kuno kaya uko. Kuno ndimangodzipapasa m'khosi. Uko bola manja amakhala ndi chochita."

Amuna anga anavala ovolosi yopanda batani ija n'kupita kugalaja, Lamlungu lomwelo. Kwa masiku angapo m'nyumba munkangomveka makina anga ndi mwana. Iwo sanabweze mawu awo, koma Kachiwala akamatuluka masana sankafunsa kumene wapita. Ndinkawaona akumuyang'ana chozemba pa nthawi ya chakudya, kuona ngati watha mbale yake. Tsiku lina anabwera ndi thumba la malalanje n'kulisiya pakhomo la chipinda chake.

Mapiritsi atatha, tsiku lokayezedwa koyamba linafika, ndipo amuna anga anajomba kuntchito. Tinapita tonse atatu, mwana tinamusiya kwa aneba. Tinakhala pabenchi yamatabwa kunja kwa kachipinda ka phungu, pakati pa anthu ena amene aliyense ankayang'ana mapazi ake. Amuna anga ankatembenuzatembenuza chipewa chawo mpaka ndinawalanda. Kachiwala analowa, ife n'kutsala pabenchipo. Anatuluka n'kunena kuti sanapeze kanthu. Amuna anga anapumira m'mwamba n'kuyamba kuimirira, koma iye anawakumbutsa kuti kwatsala kuyeza kwina pakapita miyezi, ndipo kumeneko ndi kumene kudzatseke nkhani. Tinabwerera kunyumba osasangalala kwenikweni, ngati anthu amene awoloka mtsinje n'kupeza kuti kutsogolo kuli wina.

Chapakati pa kudikirako, ometa anawasamutsira kuchipatala china kukawachita opaleshoni ya mwendo. Tsiku lonyamuka, Kachiwala ndi amene anawakankha pachikuku mpaka pagalimoto ya odwala. Ali m'njira, osatembenuka, ometawo anamuuza kuti anakaonana naye phungu uja, zawo azimva, ndipo chatsala n'kukauza akazi awo. Sananene zambiri, iye sanafunse. Anawathandiza kukwera, n'kuwaikira chikwama pamiyendo. Atafika kunyumba anakhala pansi pafupi ndi makina anga n'kunena kuti munthu amene wamva nkhani yabwino sayankhula choncho. Mantha amene anali atayamba kuzilala anayambiranso. Chimfine wamba chitamugwira sabata yotsatira, anagona osadya akulira kuti zayamba, mpaka ndinamuperekeza kwa dokotala amene anamuuza kuti ndi chimfine basi, theka la tauni likuyetsemula. Ometa aja sitinamvenso za iwo. Kachiwala anadutsapo kamodzi pamalo awo ometera n'kupeza pakumeta munthu wina wosamudziwa, ndipo anachita mantha kufunsa.

Kuyeza komaliza anapita yekha. Anakana kuti timuperekeze, akuti nkhope zathu zimamuwonjezera mantha. Ine ndinakhala pamakina osasoka kanthu, amuna anga akuimba foni pafupipafupi kufunsa ngati wabwera. Ndinamuona akukhota pakona ya msewu wathu, ndipo sindinathe kuwerenga kalikonse pa kayendedwe kake. Analowa pampanda, n'kupita molunjika kwa mwana amene ankasewera ndi zidutswa za nsalu, n'kumunyamula n'kumufinya mpaka mwanayo anayamba kudandaula. Kenako anati magazi ake ali bwino, nkhani yatha. Ndinakhala pansi pasimenti.

Pasanapite nthawi anamuitananso ku mafunso apakamwa. Apa panabuka nkhawa ina: anene za singanoyo kapena asanene? Mnzake wa gulu losambitsa m'manja uja anamulangiza kuti abise, chifukwa ofunsa adzamuona ngati munthu wosasamala, kapenanso wodwala. Amuna anga ankagwirizana naye. Asisitala anamuuza kuti m'kalata yawo sanalembemo, nkhaniyo ndi yake, achite nayo mmene akufunira. Anapita asanasankhe. Pagulu la ofunsa panali anthu ena, mayi wachikulire uja panalibe. Bambo wina wamagalasi anamufunsa chinthu chovuta kwambiri chimene anakumana nacho mu wodi. Anati anayamba kuyankha za fungo ndi zilonda, koma anadzimva yekha kuti akulankhula zopanda mchere, ndiye anaima n'kuyambiranso. Ananena za singano, za masabata amene anabisala kumbuyo kwa sitolo, ndi za wodwala amene anakana kuyezetsa. Atamufunsa ngati anamukwiyira wodwalayo, anati inde, mpaka tsiku limene anaona kuti nayenso akunjenjemera. Atamufunsa chimene chingasinthidwe kuti zisachitikenso, anati kabokosi kotayamo singano kazikhala pathireyi pomwepo, osati kumapeto kwa wodi. Ofunsawo analemba, osamwetulira, osakwinya nkhope, n'kumuthokoza. Anatuluka ali wotsimikiza kuti wadziwonongera yekha.

Mayina atatuluka, lake linalipo. Amuna anga anagula zakumwa n'kugawira msewu wonse, ngakhale mayi wa diresi losang'ambika uja. Mwini nkhani anamwa pang'ono n'kukhala phee. Nditamufunsa, anati wamva kuti chaka choyamba chomwecho amalowa m'chipinda cha mitembo kukaphunzira ziwalo, ndipo sakudziwa ngati miyendo yake idzamunyamula.

Jasi loyera limene anagula linali lalikulu, mapewa akulendewera, manja akubisa zala. Ndinalibweza m'mbali, ndinadula manja, n'kumusokera thumba lina mkati loikamo foni. Tinamuperekeza kunyumba zogona ophunzira, kachipinda ka mabedi awiri m'nyumba yosanja, kumene mnzake wogona naye anali atafika kale n'kutenga bedi la pawindo. Amuna anga anayesa loko ya chitseko, n'kupeza kuti ndi yolobodoka, ndipo anatulutsa sikuludilaiva m'thumba n'kuimanga pomwepo.

Pano ali pakati pa maphunziro ake. M'chipinda cha mitembo analowamo, anakomoka tsiku loyamba, lachiwiri anaima mpaka kumapeto. Amaimba foni Lamlungu lililonse masana, ndipo amayamba ndi kulankhula ndi mwana, kenako achimwene ake, ine pomaliza, chifukwa zenizeni amauza ine. Sabata yathayi anati ayamba kuphunzira kutenga magazi, ndipo aziyeserera okhaokha awiriawiri. Amene amuphatikiza naye ndi mnyamata wamtali wa manja ngati mafosholo, amene wavomereza kale kuti amaopa jakisoni. Anagwirizana kuti ayambe ndi Kachiwala kubaya. Ndinamufunsa ngati wakonzeka. Anati ayi, alamu, koma phunziro lake ndi Lachiwiri m'mawa.